Mmene Mungathandizire Mwana wa Sukulu Amene Amakodza Pogona

Makolo ambiri amene mwana wawo amakodza pogona amakhala atayesa kale njira zitatu: kumumana madzi kuyambira madzulo, kumudzutsa pakati pa usiku kuti akakodze, ndiponso kumukalipira m'mawa akapeza zofunda zitanyowa. Amalimbikira zimenezi kwa miyezi, ena kwa zaka, koma bedi limanyowabe, ndipo chokhacho chimene chimasintha n'chakuti mwanayo amayamba kubisa zovala zonyowa, kukana kukagona kwa anzake ndi kudziona ngati wolephera. Njirazi sizipindula chifukwa zonse zimalimbana ndi usiku, chikhalirecho ntchito yaikulu yothandiza mwana wotere imagwiridwa masana, pa kamwedwe kake, pa kakodzedwe kake ndi pa mmene m'mimba mwake mukuyendera.

Malangizo awa ndi a ana a zaka 5 kupita m'tsogolo, popeza mwana wosafika msinkhu umenewu akamakodza pogona sichikhala chachilendo. Pa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodza pogona; pa zaka 10 amatsala pafupifupi 5, ndipo pa zaka 15 amatsala 1 kapena 2. Vutoli limachuluka mwa anyamata kuposa atsikana. Ana ambiri amadzasiya okha, n'zoona, koma chimenecho si chifukwa chongokhala pansi n'kumadikira, pakuti mwana amene akudzuka ali wonyowa m'mawa uliwonse kenako n'kupita kusukulu akusenza manyazi amene akanatha kuchotsedwa msanga.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Chophimba matilesi chosalowa madzi, kapena pepala lalikulu la pulasitiki loti likwane mbali ya bedi imene mwanayo amagona.
- Nsalu zoyala pabedi zosachepera ziwiri, zovala zogonera zosinthira ndi thaulo louma.
- Ndowa yokhala ndi chivundikiro, yoikamo zonyowa usiku kuti fungo lisadzaze m'chipinda.
- Kope ndi cholembera, zimene ntchito yake ikhale iyi yokha.
- Jagi yapulasitiki yolembedwa mamililita, yoyezera mkodzo. Jagi imeneyi isabwererenso kukhitchini.
- Botolo la madzi loti mwanayo azipita nalo kusukulu.
- Tochi kapena nyali yaing'ono, ndiponso ndowa yokodzeramo ngati chimbudzi chili patali ndi chipinda chogona.
- Kampando kakang'ono kopondapo mapazi akakhala pachimbudzi chokhalira.
- Sikelo yaing'ono yoyeza magalamu, ngati mwanayo amagona atavala thewera.

Pali alamu yapadera yothandiza ana okodza pogona, koma musathamangire kuigula tsopano. Ntchito yake ikubwera pa gawo 9, ndipo ana ena safika poifuna.

Gawo 1: Lankhulani naye masana, muli awiri

Sankhani nthawi imene nonse mitima yakhala pansi, osati m'mawa mukuchotsa zofunda zonyowa, ndipo onetsetsani kuti palibe m'bale wake kapena mlendo amene akumvetsera. Mawu ake asachuluke. Mukhoza kunena kuti: "Mwana wanga, ndikudziwa kuti suchita dala. Thupi lako silinaphunzire kukudzutsa mkodzo ukachuluka, ndipo m'kalasi mwako muli anzako ena amene ali ndi vuto lomweli ngakhale sanena. Ine ndi iwe tithandizana."

Kuti mawu amenewa muwanene mochokera pansi pa mtima, muyenera kudziwa chimene chikuchitika m'thupi mwake. Kukodza pogona kumabwera ndi zinthu zitatu, ndipo nthawi zambiri ziwiri zimakumana mwa mwana mmodzi. Impso za ana ena zimapanga mkodzo wochuluka usiku chifukwa thupi silitulutsa mokwanira homoni (mankhwala amene thupi limapanga lokha) yotchedwa vasopressin, imene imachepetsa mkodzo munthu akagona. Ana ena chikhodzodzo chawo chimasunga mkodzo wochepa, kapena chimafinya chisanadzaze. Chachitatu, chimene chili mwa pafupifupi onse, n'chakuti ubongo sudzuka chikhodzodzo chikapereka uthenga. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene mwana angachilamulire ali m'tulo, ndipo kumukalipira kuli ngati kumukalipira chifukwa chotsokomola ali mtulo.

Vutoli limayendanso m'magazi. Ngati kholo limodzi linkakodza pogona lili mwana, pafupifupi ana 4 mwa 10 amatengera, ndipo ngati ndi makolo onse awiri, amatengera ndi pafupifupi ana 3 mwa 4. Ngati inu kapena bambo ake munali otero, muuzeni, ndipo muuzeninso msinkhu umene munasiyira. Ine sindidziwa mawu ena amene amapeputsa mtima wa mwana wotere kuposa kumva kuti munthu wamkulu amene amamulemekeza anadutsanso pomwepa.

Mukatha kulankhula, mufunseni ndipo mudikire yankho. Kodi amaopa mdima? Kodi kusukulu amalowa m'chimbudzi, kapena amapirira mpaka kuweruka? Kodi pali amene amamuseka?

Chenjezo: uzani abale ake onse kuti nkhaniyi ndi ya m'nyumba, ndipo kumunyoza kapena kumupatsa dzina lachipongwe n'koletsedwa. Lamulo limeneli ligwirenso ntchito kwa akuluakulu pocheza ndi alendo.

Gawo 2: Onani ngati pali zofunika chipatala kaye

Ana ambiri okodza pogona alibe matenda ena alionse, komabe pali zizindikiro zimene siziyenera kuthandizidwa kunyumba kokha. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ngati akumva ludzu losatha, akukodza kwambiri usana ndi usiku, akuwonda ndiponso akufooka, chifukwa matenda a shuga mwa ana amayamba motero ndipo amakula msanga. Pitaninso mosachedwa ngati akumva kuwawa pokodza, ngati mkodzo ukununkha kwambiri kapena uli ndi magazi, kapena ngati akutentha thupi popanda chifukwa chooneka. Zimenezi zikhoza kukhala matenda a m'njira ya mkodzo, ndipo magazi mu mkodzo akhoza kukhalanso likodzo.

Zina sizachangu motero, koma adokotala ayenera kuzimva: kudzikodzera masana, kudontha mkodzo nthawi zonse, kukodza movutikira kapena mkodzo wotuluka mopanda mphamvu, kuliza mkonono kwambiri n'kumaoneka ngati wasiya kupuma m'tulo, kuyabwa kumatako usiku, kufooka kwa miyendo kapena kusintha kwa kayendedwe. Mwana wodwala matenda a magazi otchedwa sickle cell amakodza kwambiri chifukwa cha matendawo, choncho thandizo lake likonzedwe pamodzi ndi amene amamuona kuchipatala.

Mwana amene anakhala miyezi 6 kapena kuposa osakodza pogona kenako n'kuyambiranso ayenera kuunikidwa mwapadera. Kuwonjezera pa matenda tatchulawa, kuyambiranso kumatha kutsatira chinthu chimene chamusokoneza mumtima, monga maliro, kulekana kwa makolo, kubadwa kwa mwana wina, kusamuka, kuzunzidwa ndi anzake kusukulu, ngakhalenso kuchitidwa nkhanza ndi munthu wamkulu. Musamuumirize kuti anene, koma mupatseni mpata, ndipo akanena mukhulupirireni.

Gawo 3: Lembani m'kope kwa masabata awiri

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo n'chifukwa chake amangoyesa njira mwachimbulimbuli. Kwa masiku 14 musasinthe kanthu, ingolembani. M'mawa uliwonse lembani ngati bedi lanyowa kapena ayi, ngati panyowa pang'ono kapena ponseponse, ndiponso nthawi imene zinachitika ngati mwaidziwa. Lembaninso tsiku lililonse limene wachita chimbudzi ndi mmene chinalili.

Pa masiku awiri amene sapita kusukulu, yezani mkodzo wake wonse wa masana. Akafuna kukodza, akodzere m'jagi, inu muwerenge mamililita, mulembe pamodzi ndi nthawi, mutaye, mutsuke jagiyo. Lembaninso chilichonse chimene wamwa ndi kuchuluka kwake. Pomaliza, pezani mkodzo wochuluka kwambiri umene anakodza nthawi imodzi, kupatula wa m'mawa podzuka, ndipo muuyerekeze ndi mlingo woyenera msinkhu wake. Mlingowo umapezeka powonjezera 1 pa zaka zake n'kuchulukitsa ndi 30, ndipo kawerengedwe kameneka kamagwira ntchito mpaka zaka 12. Mwana wa zaka 7 amayembekezeka kusunga mamililita 240. Ngati mwana wotere sakupitirira mamililita 150 ngakhale kamodzi, ndiye kuti chikhodzodzo chake chikusunga mkodzo wochepa.

Mkodzo wa usiku umayezedwa mosavuta ngati mwana wagona ndi thewera. Liyezeni pasikelo lili louma, muliyezenso m'mawa litanyowa, ndipo kusiyana kwake m'magalamu ndiye mamililita a mkodzo, popeza galamu imodzi imafanana ndi mililita imodzi. Pa chiwerengerocho onjezani mkodzo woyamba wa m'mawa. Ngati zonse pamodzi zikupitirira mlingo wa msinkhu wake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, monga kupitirira mamililita 310 kwa mwana wa zaka 7, ndiye kuti impso zake zikupanga mkodzo wochuluka usiku. Kope limeneli likuthandizani inu, ndipo lidzathandizanso adokotala kusankha pakati pa alamu ndi mankhwala.

Chenjezo: kope lisakhale buku la milandu. Musamaliwerenge mokweza pamaso pa ena, ndipo ngati mwanayo ndi wamkulu mokwanira, muloleni azilemba yekha.

Gawo 4: Thetsani kudzimbidwa

Ngati pali gawo limodzi limene ndingapemphe kholo lililonse kuti lisalinyozere, ndi ili. Thumbo lomalizira, limene limasunga chimbudzi, lili kumbuyo kwenikweni kwa chikhodzodzo. Likadzaza ndi chimbudzi cholimba limapanikiza chikhodzodzo, kuchichepetsera malo ndi kuchichititsa kufinya nthawi yosayenera. Ana ena amasiya kukodza pogona chifukwa chongothetsa kudzimbidwa, ndipo kwa ena alamu ndi mankhwala zimakanika mpaka m'mimba mutayamba kuyenda bwino.

Chovuta n'chakuti mwana wa sukulu amapita yekha kuchimbudzi, ndipo makolo sadziwa zimene zikuchitika kumeneko. Mufunseni mosamuchititsa manyazi. Akudzimbidwa ngati akuchita chimbudzi kosakwana katatu pa sabata, ngati chimbudzicho ndi cholimba, chotuluka timibulu kapena chachikulu modabwitsa, ngati akumva kuwawa kapena kukankha kwambiri, kapena ngati kabudula wam'kati amapezeka ndi zothimbirira. Zothimbirirazo makolo amaziona ngati uve kapena kutsegula m'mimba, pamene kawirikawiri ndi chimbudzi chamadzi chimene chikudutsa m'mbali mwa cholimba. Dziwaninso kuti mwana akhoza kupita kuchimbudzi tsiku lililonse koma n'kumatulutsa pang'ono, chochuluka chikutsalira.

Muzolowetseni kukhala pachimbudzi kwa mphindi 5 akatha kudya, makamaka chakudya cham'mawa ndi chamadzulo, chifukwa nthawi imeneyo matumbo amayenda okha. Pachimbudzi chokhalira, mapazi ake apondere pakampando kuti mawondo akwere kuposa chiuno, asamalendewere. Muwonjezereni zipatso, masamba ndi madzi, ndipo azisewera mothamanga. Ngati kudzimbidwako n'kwanthawi yaitali, chakudya chokha sichikwanira. Adokotala angamupatse mankhwala ofewetsa chimbudzi monga macrogol, ndipo mankhwalawo amafunika kumwedwa kwa miyezi, osati kusiyidwa pa tsiku loyamba limene m'mimba mwayenda.

Gawo 5: Sunthani madzi kuchoka madzulo kupita m'mawa

Ana ambiri okodza pogona samwa kanthu m'mawa, amamwa pang'ono kusukulu, kenako amafika kunyumba ndi ludzu n'kumwa zochuluka kuyambira madzulo mpaka pogona. Chofunika si kuchepetsa madzi koma kusintha nthawi yomwera. Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE la ku United Kingdom, amene anatuluka mu 2010, amati ana a zaka 4 mpaka 8 azimwa mamililita 1,000 mpaka 1,400 pa tsiku. Pa zaka 9 mpaka 13, atsikana azimwa mamililita 1,200 mpaka 2,100 ndipo anyamata 1,400 mpaka 2,300. Kukatentha kapena akasewera kwambiri amafuna ochuluka kuposa pamenepo.

Gawani madziwo m'makapu 6 mpaka 8. Amwe kapu yodzaza akangodzuka, ina asananyamuke, ndipo botolo la kusukulu libwerere lopanda kanthu. Mbali yaikulu ikhale itamwedwa pofika nthawi yoweruka, madzulo amwe pang'ono, ndipo ola lomaliza asanagone asamwe kanthu, kupatula pang'ono pongonyowetsa kukhosi ngati ali ndi ludzu. Tiyi, khofi, zakumwa za kola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi caffeine, amene amachulukitsa mkodzo ndi kusokoneza chikhodzodzo, choncho zichotseni makamaka kuyambira masana. Chakudya chamadzulo chisakhale cha mchere wambiri, chifukwa mchere umabweretsa ludzu ndi kuchulukitsa mkodzo wa usiku.

Chenjezo: masiku oyamba mwana akayamba kumwa mokwanira amakodza pafupipafupi, ndipo bedi likhoza kunyowa kuposa kale. Musabwerere m'mbuyo. Chikhodzodzo chimafuna masabata angapo kuti chizolowere kusunga mkodzo wochuluka.

Gawo 6: Akodze pa nthawi zokhazikika masana

Mwana wa sukulu ayenera kukodza maulendo 4 mpaka 7 pa tsiku. Mangirirani maulendowo ku zochitika za tsiku kuti asaiwale: podzuka, pa nthawi yopuma kusukulu, poweruka, madzulo ndi pogona. Akodze mosathamanga, osakankha, ndipo adikire mpaka wonse utatha. Usiku akodze pamene akukonzekera kugona, ndipo ngati wakhala pabedi akuwerenga kapena kucheza kwa kanthawi, akakodzenso kachiwiri tulo tisanabwere.

Ngati kusukulu salola ana kutuluka m'kalasi kapena kumwa madzi, kalankhuleni ndi aphunzitsi ake pambali. Simuyenera kuwauza zonse; n'kokwanira kunena kuti mwanayo akuthandizidwa pa vuto la chikhodzodzo ndipo akufunika kumwa madzi ndi kupita kuchimbudzi akapempha. Mufunseni mwanayo kaye musanapite.

Gawo 7: Konzani bedi ndi njira ya usiku

Yalani bedi kawiri: pulasitiki, nsalu, kenako pulasitiki ina ndi nsalu ina pamwamba pake. Pakanyowa usiku mumangochotsa za pamwambazo, n'kuziponya m'ndowa, ndipo pansi pamakhala pouma kale. Zovala zosinthira ndi thaulo zikhale pamalo amene mwanayo angafike yekha, tochi ikhale pafupi ndi pilo, ndipo njira ya kuchimbudzi ikhale yopanda zopunthwitsa. Ngati amagona pabedi losanjikiza, agone pansi. Mwana amene amaopa mdima akhoza kudzuka ndithu mkodzo utamugwira koma n'kulephera kutuluka m'zofunda, choncho muuzeni momveka kuti ali ndi ufulu wokudzutsani nthawi ina iliyonse.

Thewera limathandiza banja lotopa kupeza tulo. Komabe ndi bwino kuyesa masiku angapo otsatizana popanda thewera pakapita miyezi ingapo, kuti muone pamene mwanayo wafika.

Gawo 8: M'mawa, yamikirani zimene angathe kulamulira

Bedi likanyowa, nkhope yanu ndi imene mwanayo amayamba kuyang'ana. Nenani mawu ochepa, monga akuti "Palibe kanthu, tiye tichotse izi ukasambe," ndipo muchotsere limodzi zofundazo. Kuthandiza kuchotsa ndi kuyala bedi kumamupatsa mwana udindo, malinga ngati sikukuperekedwa ngati chilango. Asambe ndi sopo m'mawa uliwonse asanavale yunifolomu, chifukwa fungo la mkodzo ndi limene limaulula chinsinsi chake kwa anzake, komanso mkodzo wokhalitsa pakhungu umayambitsa zotupa ndi kuyabwa.

Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito tchati cha nyenyezi kapena timphatso, perekani pa zinthu zimene mwagwirizana ndipo ali nazo mphamvu: kumaliza botolo la madzi, kukodza asanagone, kukhala pachimbudzi akatha kudya, kuthandiza kusintha zofunda. Musapereke mphatso pa usiku wouma, chifukwa mwana amene wachita zonse bwino koma n'kudzuka wonyowa amaona kuti walandidwa chinthu popanda mlandu. Nyenyezi imene wapata isachotsedwenso.

Pitirizani magawo 4 mpaka 8 kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Ngati bedi likunyowabe kangapo pa sabata, pitani ku gawo lotsatira mutakambirana ndi adokotala kapena anamwino.

Gawo 9: Gwiritsani ntchito alamu yomva chinyezi

Pa njira zonse, alamu ndi imene ili ndi mwayi waukulu wothetseratu vutoli. Pafupifupi ana 2 mwa 3 amasiya kukodza pogona pamene akuigwiritsa ntchito, ndipo pafupifupi theka la ana onse oiyesa amakhalabe ouma itachotsedwa. Ili ndi kachipangizo kakang'ono komva chinyezi kamene kamapanidwa pa kabudula wam'kati, pamalo pamene dontho loyamba limagwera, ndi kabokosi kolira kamene kamapanidwa pa malaya pafupi ndi phewa. Mtundu wina ndi kansalu koyala pansi pa nsalu ya pabedi. Imayenera mwana amene akufuna yekha kusiya ndipo angathe kutsatira malangizo, kawirikawiri wa zaka 7 kupita m'tsogolo, ngakhale ena ocheperapo amakwanitsa.

Asanagone, yesezani limodzi: agone, inu mulize alamu pokhudza kachipangizoko ndi chala chonyowa, iye adzuke, azimitse, apite kuchimbudzi. Usiku weniweni zinthu sizikhala zophweka chotero. Masabata oyamba alamu imadzutsa nyumba yonse kupatula mwini wakeyo, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amanena kuti yalephera. Siinalephere, ntchito yodzuka ikadali yanu. Gonani pafupi, ndipo ikalira pitani msanga, yatsani nyali, mutchuleni dzina, mukhazikeni tsonga, mupukuteni kumaso ndi kansalu konyowa ngati kuli kofunika, mpaka atadzukadi. Azimitse alamuyo ndi dzanja lake, osati lanu. Kenako apite kuchimbudzi kukamaliza mkodzo ngakhale akunena kuti watha, asinthe zovala, mupukute kachipangizoko kuti kaume, mukapanenso, ndipo mulembe nthawi m'kope.

Igwiritseni ntchito usiku uliwonse osadumphitsa, ndipo pakatha masabata 4 muone ngati pali kusintha. Musayembekezere bedi louma msanga chotero. Zizindikiro zoyamba ndi zazing'ono: malo onyowa akuchepa, alamu ikulira mochedwerapo kapena kamodzi kokha m'malo mwa kawiri, mwanayo akuyamba kudzuka yekha, ndipo mkodzo wokamalizira kuchimbudzi ukuchuluka. Mukaona zimenezi pitirizani mpaka atakwanitsa masiku 14 otsatizana osanyowetsa bedi. Ngati patha miyezi 3 popanda kusintha kulikonse, ipumitseni ndipo mubwerere kwa adokotala. Mwana amene anasiya kenako n'kuyambiranso akhoza kubwerezanso alamuyo, ndipo ambiri amachira ulendo wachiwiri.

Chenjezo: musayambe alamu pa nthawi ya mayeso, ya ulendo, ya matenda m'nyumba kapena pamene inu mwatopa kwambiri moti kudzutsidwa usiku kungakupsetseni mtima. Ndi bwino kuchedwa mwezi umodzi kusiyana ndi kuti kulira kwa alamu kuzitsatiridwa ndi ukali. Onaninso mabatire, ndipo dziwani kuti thukuta likhoza kuiliza pabodza.

Gawo 10: Mankhwala ndi masiku ogona kwina

Mankhwala odziwika kwambiri ndi desmopressin, amene amagwira ntchito ngati homoni ija ya vasopressin pochepetsa mkodzo wa usiku. Amaperekedwa ndi adokotala, ngati mapiritsi omeza kapena osungunuka pansi pa lilime, ndipo amamwedwa pogona. Amathandiza kwambiri mwana amene kope lasonyeza kuti amapanga mkodzo wochuluka usiku. Pafupifupi ana 3 mwa 10 amasiyiratu kukodza pogona, ndipo ena 4 mwa 10 amachepetsa. Ubwino wake ndi wakuti amagwira msanga, choncho amathandiza pa ulendo wa sukulu kapena pokagona kwa abale. Kuipa kwake n'kwakuti ana ambiri amayambiranso akasiya kumwa. Akamwedwa nthawi yaitali, pakatha miyezi 3 iliyonse amapumitsidwa kwa sabata imodzi kuti aone ngati akufunikabe.

Chenjezo lalikulu: mwana asamwe madzi kapena chakumwa chilichonse kuyambira ola limodzi asanamwe mankhwalawa mpaka patatha maola 8, kupatula pang'ono pomezera. Akamwa zambiri, madzi amaunjikana m'thupi, mchere wa m'magazi umatsika, ndipo akhoza kumva mutu, kuchita nseru, kusanza ngakhalenso kukomoka. Zikatero thamangirani naye kuchipatala. Pa masiku amene akusanza kapena kutsegula m'mimba asamwe desmopressin.

Ngati akukagona kwina, yesani mankhwalawo kunyumba masiku angapo ulendo usanafike. Muikireni m'chikwama zovala zosinthira ndi thumba la pulasitiki loikamo zonyowa, ndipo mugwirizane naye za munthu wamkulu mmodzi amene adziwe ndi kumuthandiza mwakachetechete. Musamuletse maulendo otere chifukwa cha vutoli.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi chilango, kaya kumenya, kumuyanikitsa zofunda pamene anzake akuona, kumugoneka pansi pozizira kapena kumusiya m'zonyowa kuti "aphunzire". Palibe mwana amene anaphunzira kudzuka chifukwa cha mantha, ndipo nkhawa imasokoneza tulo ndi kutalikitsa vutoli. Choopsa kwambiri ndi kumanga chiwalo cha mwana wamwamuna ndi chingwe kapena mphira kuti mkodzo usatuluke. Zimenezi zimatseka magazi ndipo zikhoza kumupundula moyo wake wonse.

Kumunyamula ali m'tulo n'kukamukodzetsa kumapulumutsa zofunda usiku umenewo, koma sikumuphunzitsa kudzuka, popeza akukodzabe ali mtulo. Mukhoza kuchita zimenezi kwa masiku ochepa pamene mwachezeredwa kapena muli paulendo, koma musaziyese thandizo lokhalitsa. Chimodzimodzinso alamu ya wotchi kapena ya foni siilowa m'malo mwa alamu yomva chinyezi, chifukwa imalira pa nthawi imene inu mwasankha, osati pa nthawi imene chikhodzodzo chadzaza.

Ena amauza mwana kuti azipirira mkodzo nthawi yaitali masana, kapena kuti aziudula pakati pokodza, poganiza kuti akulimbitsa chikhodzodzo. Njira zimenezi sizithetsa kukodza pogona, ndipo zikhoza kumuzoloweza kusamaliza mkodzo, zimene zimaitana matenda a m'njira ya mkodzo.

Musamupatse mankhwala ogula nokha kapena otsala kwa mwana wina. Mankhwala a imipramine, amene nthawi zina amaperekedwa ndi akatswiri njira zina zikakanika, amasokoneza kagundidwe ka mtima akamwedwa mopitirira mlingo, ndipo akakhala m'nyumba ayenera kutsekeredwa kumene ana aang'ono sangafike.

Kumuyerekeza ndi mng'ono wake amene anasiya msanga kumapweteka kuposa mmene akuluakulu amaganizira, ngakhale kutanenedwa mwa nthabwala.

Pomaliza pali kusinthasintha njira sabata iliyonse ndi kusiya msanga. Mabanja ambiri amachotsa alamu mwana akangouma masiku atatu kapena anayi, kapena amaleka mankhwala ofewetsa chimbudzi m'mimba mukangoyenda kamodzi, ndipo vuto likabwerera amati njirayo siigwira. Njira iliyonse ipatseni nthawi yake yonse monga yalembedwa pamwambapa, ndipo mukamabwerera kuchipatala tengani kope lija kuti adokotala aone chimene chayesedwa, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi chimene chinasintha.